Phiri Lomwe a Zimba Anapala

Pamaliro a a Zimba, abusa ananena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosadziwa kukhumudwitsa mnzake. Ine ndinaseka. Sikuti ndinafuna ayi, chinangotulukira m'mphuno chokha, ndipo amayi anandiponyera diso kuchokera kumbali ya azimayi, diso lija lotanthauza kuti tikakumana kunyumba. Koma nanga ndikanatani? Abusawo ndi achilendo kuno kwa Lukwa. Sanagobepo thabwa mwezi wathunthu mpaka zala kuchita matuza, kenako n'kuona mdala akulitenga, kuliyang'ana ngati usipa wa dzana, n'kuliyendetsa puleni mpaka kusalala see, ngati sunalikhudzepo. Ofatsa a Zimba? Anali munthu wamkulu, wamkulu kuposa aliyense amene ndinakhalapo naye pafupi, koma za kufatsazo tisawanamizire poti agona.

Kwa inu amene simunawaone: a Zimba anali aphunzitsi a pulayimale opuma, aatali, owerama pang'ono, zala zakuda bii mpaka m'zikhadabo. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chigafa. Anzawo onse m'zigafa mwawo ankapachika fodya, koma iwo pa mikangala ankapachika mapepala. Ntchito yake imayenda chonchi. Umajambula chithunzi pakapepala kopyapyala, n'kukamata chafufumimba pathabwa la mtengo wa malaina, n'kuyamba kugoba ndi timipeni, kuchotsa ponse pomwe ukufuna padzakhale poyera. Kapepala kaja kamathera momwemo, kamapita limodzi ndi tizibenthu. Ukamaliza umapaka inki pazomwe zatsala, n'kuyala pepala lina pamwamba, n'kulitikita kumsana, ndipo ukalimatula chithunzi chatuluka. Inki ankapanga okha ndi mwaye wosakaniza ndi phala la chinangwa. Timipeni ankasula kuchokera ku masipoko a njinga ndi mawaya a ambulera, moti ambulera ikangothyoka m'mudzi muno ana ankadziwa kale kokaisiya. Chotikitira chinali chingwe cha khonje chopiringiza ngati nkhata, chokutidwa ndi khoko la nsungwi.

Ine ndinafika kumeneko khutu langa lili m'dzanja la amayi. Ndinali nditangoyamba kumene sekondale yoyendera, ndipo ndinathira chitedze m'jekete ya achiwiri kwa ahedi, yomwe anaikoleka pampando. Munthu wamkulu anavina pa asembule popanda ng'oma. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita myaa. Anandiimitsa sukulu, ndipo amayi anati m'malo moti ndizizunza nkhuku za eni, ndikazunzike kwa a Zimba. Mdala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwe wa chitedze uja?"

"Eya, aphunzitsi."

"Anakanda kwambiri?"

"Mpaka anavula malaya."

Anatembenukira kukhoma kanthawi, mapewa akugwedezeka pang'ono. Kenako anati, "Tenga mwala uwo, Chitedze, unole." Dzinalo linandikakamira kuyambira pomwepo. Ndinanola timipeni mpaka mvula kugwa n'kusiya ndisanaloledwe kukhudza thabwa. Atandibweza kusukulu ndinkapitabe kuchigafako ndikaweruka, ndipo musandifunse chifukwa.

Ankakonda kunena kuti mpeni wobuntha ndi wabodza, umapita komwe sunautume kenako n'kunamizira thabwa. Ankatinso wogoba aziganiza ngati galasi, poti chomwe chili kumanja pathabwa chimatulukira kumanzere papepala. Koma mawu oti wachita bwino m'kamwa mwawo munalibe. Tinkati mwina anawameza ali mwana.

Wophunzira aliyense ankagoba chinthu chimodzi basi: phiri la Kasungu, monga limaonekera ukaima pakhomo la chigafa, litatumphuka lokha pakati pa minda yathyathyathya. Ukafuna kuikapo ngolo, mitambo, amayi osenza nkhuni, zako zimenezo, koma phiri likhalepo. Ukatha, iwo ankadinda pepala limodzi lokha, kulipachika pa mkangala, kusisita thabwa ndi chala chachikulu, n'kutambasula dzanja osakuyang'ana. Ndiye kuti puleni. Ndipo unkawapatsira iwe mwini wake. Shwe, shwe, shwe, mwezi wako wonse uli pansi wapotanapotana. "Yambiranso." Thabwa lomwelo, mpaka lipyapyale ngati bisiketi, ndiye akupatse lina. Lamulo linali lakuti tsiku lomwe sadzapala, adzadinda pepala lako ndi chidindo chawo chofiira pangodya, ndipo pamenepo ndiye kuti watha, ndiwe mmisiri. Tsiku limenelo panalibe amene analionapo. Anyamata ambiri analowa m'chigafamo n'kutuluka akutukwana, wina mpaka anaponya thabwa lake m'chitsime.

Amene sanatuluke anali Esinati. Ndi wamkulu kwa ine, ndipo ndinamupeza ali kale ndi zaka m'chigafamo. Anasiyira sukulu panjira bambo ake atamwalira. Sankayankhula kwambiri, akamagoba ankatulutsa kansonga ka lilime, n'kuiwala kuti padziko pali anthu. Mdala akamupalira, iye ankasesa yekha zopalidwazo n'kupita nazo kwawo kukakolezera moto. Vuto linali malume ake, a Mbewe, omwe ankayang'anira banjalo. A Mbewe ndi munthu wa chipewa chachikulu cha mlaza ndi foni. Masiku amenewo netiweki kuno inkapezeka pachulu chimodzi chokha, cha m'mbali mwa njira ya kudimba, ndiye masana alionse unkawaona ali njo pamwamba pake, dzanja m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Iwowa anali atamupezera Esinati malo osankha fodya ku esiteti ina kutali, kupitirira dera la mfumu Chulu, komwe atsikana amapita ali onenepa n'kubwerako ndi chifuwa. Ananena poyera kuti fodya wa chaka chimenecho akangogulitsidwa, ngati a Zimba sananene kuti mwanayo watha, anyamuke.

Anabwera kudzawauza okha, ataima pakhomo la chigafa poopa inki.

"Aphunzitsi, mwanayu adzamaliza liti? Anzake a utelala aphunzira chaka chimodzi, lero ali ndi makina pakhonde la sitolo."

"Thabwa likadzanena."

"Thabwa limayankhula?"

"Kwa amene ali ndi makutu. Anu munapatsa foni."

"Inu mukusewera ndi moyo wa mwana wamasiye. Phiri lomwelomwelo chaka ndi chaka, kodi likusuntha?"

"A Mbewe, inu chimanga mumadzala chomwechomwecho chaka ndi chaka. Munachidziwa?"

A Mbewe anachoka akupukusa chipewa. Esinati sanadzutse mutu, koma ndinaona mpeni wake utaima malo amodzi nthawi yaitali.

Khalidwe lonseli a Zimba analitenga kwa Mjapani. Ali mnyamata, asanapite kukaphunzira uphunzitsi, ankatchetcha udzu pasekondale ina ku boma, ndipo pamenepo panali mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Japan yemwe akaweruka ankagoba matabwa pakhonde. A Zimba ankaima pampanda kuonerera, tsiku ndi tsiku, mpaka munthuyo anawakodola. Chichewa cha Mjapaniyo chinali cha moni ndi zikomo, Chingerezi cha onse awiri chinali chotsimphina, ndiye ankaphunzitsana ndi manja. Chomwe a Zimba anamva bwino n'chakuti kwawoko kuli phiri limodzi lomwe anthu akhala akulijambula mibadwomibadwo osatopa nalo. Ndipo nthawi iliyonse a Zimba akamaliza kugoba, Mjapani ankadinda pepala, kugwedeza mutu, n'kupala thabwa. Nthawi yake yobwerera itakwana anawasiyira kamwala kosemedwa kunsi ndi zilembo zakwawo, chomwe ndi chidindo chija, anawerama, n'kukwera galimoto. Dzina lake a Zimba sankalitchula. Ankangoti aphunzitsi anga, n'kugwira chipewa. Kamwalako ankakasunga m'kachitini paphaso, ndipo inki yake yofiira inali katondo wosefa wothira mafuta a nsatsi. Kankadinda mapepala awo okha, omwe ankakhala m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi.

Za chidindo sankaseka nazo. Chaka china makuponi a feteleza atavuta, kunabwera amuna awiri panjinga yamoto, ovala bwino, shuga ali m'jumbo. Anazungulirazungulira ndi nkhani za mvula, kenako anatulutsa kuponi yabodza n'kunena kuti amene anawasemera chidindo chake sanachite bwino, akuwagwira nacho, ndiye amva kuti kuno kuli katswiri. Mdala anaitenga, kuiyandikitsa kumaso.

"Amene anasema ichi ndani? Mpeni wake wobuntha. Onani chilembo ichi chatsamira mnzake ngati woledzera."

Amuna aja anayang'anana mokondwa, kuona ngati nkhani yatheka. Sanaone kuti dzanja lina la mdala lafika kale pamphika wa inki. Mmodzi wa iwo, wamalaya oyera, ndiye anaimva bwino inkiyo. Anathawa mpaka kuiwala chipewa cha panjinga, ndipo shuga a Zimba anamusunga, ati ndi chindapusa chowatayitsa nthawi. Chaka chimenecho iwo eni kuponi sanalandire. Chimanga chawo chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ndipo sindinawamve akudandaula ngakhale kamodzi.

Choncho fodya atayamba kumangidwa m'mabelo, ine n'kuwauza kuti, "Aphunzitsi, ingomudindirani Esinati, ndani adzadziwe?" yankho ndinalidziwa kale. Anandifunsa ngati ndikufuna kulawa mphika womwe analawa wamalaya oyera uja. Anati chidindo chikanama kamodzi, zonse zomwe chinadindapo zimasanduka zabodza.

Apa ndiye pofika pa ine, ndipo musandiyese mngelo. Sindinakonze zopulumutsa munthu. Ndinkafuna kuseka basi.

Nthawi ya mvula Esinati anali atagoba phiri lina lake. Mbali imodzi mvula ikugwa mopendekera, mbali inayo kuli ngwee, ndipo m'munsi muli tinthu ting'onoting'ono ta m'mudzi muno. Mdala anadinda, anasisita, anatambasula dzanja. Shwe, shwe. Pepalalo ine ndinalichotsa pa mkangala n'kulibisa, poti linandisangalatsa. Ndinkadziwanso chinthu chimodzi chomwe mdala ankakana kwamtuwagalu: maso awo anali atayamba ng'ala. Nthawi ina anapatsa moni thumba la chimanga. Ndiye titamva kuti ku boma kwabwera mayi wa ku Japan wophunzitsa masamu, ndipo wamva za a Zimba, akufuna kudzawaona, mutu wanga unagwira ntchito kuposa m'kalasi. Mdala atapita kudimba ndinatsitsa kachitini paphaso, n'kudinda pepala la Esinati pangodya, psuu. Ndinalifukiza pautsi wa zitsononkho mpaka lioneke lachikale, ndinang'amba pang'ono m'mphepete ngati ladyedwa ndi mphemvu, n'kulilowetsa pakatikati pa mapepala a m'sutikesi. Ndinkafuna kumva zomwe anganene pa ntchito ya wophunzira ikavala chidindo chawo.

Mlendo anafika pa kabaza tsiku lina Lachisanu, atamanga chitenje mokhotakhota, ndipo mudzi wonse unasonkhana, poti Mjapani saoneka kawirikawiri kwa Lukwa. A Mbewe anakhala kutsogolo penipeni. A Zimba anavala jekete ndi tayi. Anawerama, mlendo anawerama, iwo anaweramanso, mpaka ana anayamba kuwatsanzira kumbuyo. Kenako anayala mphasa pakhomo la chigafa, n'kutsekula sutikesi.

Apa ndinaphunzira kuti mdala sankadzimvera chisoni ngakhale iye mwini. Pepala lililonse ankalitulutsa ndi chitonzo chake. Ili phiri latupa. Ili ndinali ndi malungo. Ili mitambo yake ngati thonje lonyowa. Mlendo ankangoti, "Zokongola, zokongola kwambiri," iwo n'kumapukusa mutu. Kenako dzanja lawo linafika pa lija. Analitulutsa, anatsekula pakamwa kuti alinyoze, n'kutsekanso. Analiyandikitsa kumaso. Analitalikitsa. Anthu mpaka anasiya kutafuna mtedza.

"Ili," anatero, mawu atatsika. "Mayi, taonani mvula iyi. Mizere yake siikukhudzana, koma munthu ukumva kunyowa. Taonani phiri, silinakhale papepala ayi, lamera. Ili ndinagoba dzanja lisanayambe kunjenjemera. Pamoyo wanga wonse, lomwe aphunzitsi anga sakanapala ndi ili lokha."

Esinati anali atagwada pambali ndi beseni la mbatata. Ndinaona beseni likutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Ine ndinali nditadziluma mlomo kuti ndisaphulike.

Pepala linayamba kuyenda m'manja mwa anthu, aliyense akupukuta kaye zala pamalaya. Linafika kwa a Mbewe. Analiyang'ana, analipendeketsa, anasuntha chipewa.

"Aphunzitsi, mwati munajambula liti?"

"Kalekale, inu mukuthamanga ndi kabudula wong'ambika."

"Nanga foniyi?"

"Foni yanji?"

"Uyu wakwera pachuluyu. Dzanja m'mwamba. Chipewa ichi n'changa ichi. Aphunzitsi, uyu ndine!"

Anthu anaunjikana pamapewa a a Mbewe. Kamunthuko kanali kochepa ngati nyemba, koma panalibe wofunsa kawiri: kaimidwe kake, kamimba kake, chipewa. Chikhakhali chinabuka. Ine ndinagwa pansi, ndinagubuduka, misozi mbwembwembwe, ndipo ndikunena pano kuti sindinasekepo chonchija chibadwire.

Nditadzuka ndinapeza kuti ndikuseka ndekha. Mdala anali atatenga pepala lija n'kuima nalo padzuwa, chala chili pa kamunthu kaja.

"Chitedze."

"Wawa, aphunzitsi."

"Chidindo changa."

"Ndinangobwereka."

Anatembenukira kwa Esinati. "Esinati, thabwa lake lili kuti?"

"Munapala, aphunzitsi."

"Liti?"

"Tikubandira chimanga."

Aliyense ankadikira kuti ndodo igwere ine, kapena kuti mdala anene kuti anangolakwitsa ndi maso, pepalalo lilibe kanthu. Akanatha kutero, ndipo palibe akanawatsutsa. M'malo mwake anatembenukira kwa mlendo.

"Mayi, kwanuko amapala mpaka liti?"

Mlendo sanamve. Zinatengera Chichewa, Chingerezi changa cha kusukulu ndi manja kuti amvetse za puleni. Atamvetsa anachita manyazi. Anati iye ndi wa masamu chabe, za amisiri akuluakulu sazidziwa, koma kwawo ana amagoba matabwa kupulayimale, ndipo palibe amene anamupalira. Lake amayi ake analisunga mpaka lero. Anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera mwaulemu kuti mwina mphunzitsi ujayo, pokhala kutali ndi kwawo, analibe matabwa okwanira.

A Zimba anakhala pansi pa chitsa. Anayang'ana puleni yomwe inali pabenchi. Kenako anayamba kuseka, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe tinadziwa kuti mano a m'mbali analibe.

"Analibe matabwa," anatero. "Munthu uja analibe matabwa! Anali ndi timatabwa towerengeka ta m'chikwama, tomwe tinkalimbirana awiri. Ine ndinaona ngati ndi lamulo."

Anaseka mpaka anatulutsa kansalu kupukuta m'maso, ndipo anapukuta nthawi yaitali kuposa momwe kuseka kumafunira. Ndani akudziwa, mwina Mjapani uja ankapaladi pophunzitsa. Anachoka osanena, ndipo a Zimba anatsala ndi theka la uphunzitsi: kubweza ankadziwa, koma kumasula wophunzira palibe anawaonetsa.

Anaimirira, anakonza tayi, anapita pomwe panagwada Esinati. Anavula chipewa. Munthu wa imvi, pamaso pa mudzi wonse, anawerama kwa mtsikana ngati momwe anaweramira kwa mlendo, kutsikirapo.

"ANaphiri, ndinakulakwirani. Ndinapala osayang'ana. Chidindo ichi chadindidwa ndi mbava, koma chakhala pamalo pake." Anatembenuka. "A Mbewe, mwamva ndi makutu anu zomwe ndanena za pepala ili, ndipo sindibweza. Mwanayu watha. Wandipitirira."

Esinati anaphimba nkhope ndi chitenje. A Mbewe anali akuyang'anabe kamunthu kaja.

"Koma mimbayi wandikulitsa," anatero. "Munthu woti wandijambula ngati nyemba anthu n'kundizindikira, akasankhe fodya wa eni? Ayi. Za ku esiteti zija ndiwaimbira foni." Ndipo ananyamukadi kulunjika kuchulu.

Ine chilango changa chinali kubwerera pamwala wonolera mpaka chimanga china chitacha. Amayi anandiuza kuti ndikapepese, ndinapita, ndinaima pakhomo, n'kufunsa mdala ngati akufunadi kuti ndiname. Anati ndichoke ndisanadetse mpweya. Kupala sanasiye ayi, musaganize kuti anasanduka munthu wina. Chomwe chinasintha n'chakuti tsopano ankayang'ana kaye. Pepala langa ankaliika pamphuno penipeni, kuliyendera ngodya ndi ngodya, kupita nalo padzuwa, kubwera nalo, kenako n'kunena mokoma mtima kuti, "Ili ndaliyang'ana bwinobwino, Chitedze. Bweretsa puleni."

Esinati lero ali ku boma, pakhonde lina pafupi ndi msika. Amasema zidindo za masukulu ndi mipingo, amadinda nsalu, ndipo mapiri ake alendo amagula. Ali ndi ophunzira ake awiri, ndi chidindo chake chomwe anasema yekha.

Koma mdala nkhani ya thabwa lija sinawachoke. Anati anawononga chinthu cha mwini, ayenera kubweza. Anasankha thabwa labwino kuposa onse n'kuyamba kugoba phiri la Esinati, mzere ndi mzere. Njira yachidule inalipo, yomata pepala lija chafufumimba pathabwa n'kugoba motsatira, koma pepalalo likanathera momwemo, ndipo linali limodzi lokhalo padziko. Esinati anabwera nalo yekha, kuwapatsa ndi manja awiri. Anakana. Anati anapala kale kamodzi, sangapale kawiri. Ndiye ankalipachika pakhomo la chigafa, kumsana kwake kuloza kwa iwo, kuti dzuwa likawala kuseri aone mizere yake motembenuka monga imafunikira pathabwa. Maso anali akutha. Tsiku lina ankagoba timizere tiwiri ta mvula basi n'kuweruka. Ankandiitana, "Chitedze, mzere uwu ukupita kuti?" ine n'kuwagwira chala kuwalondolera, ndipo pokhapo sindinawapusitsepo, ngakhale mpata unalipo wambiri.

Esinati akabwera Lamlungu, mdala ankamusonyeza pomwe afika, n'kutenga puleni kumupatsa, ati wophunzira tsopano ndi iwo. Iye ankayang'ana thabwa nthawi yaitali, kulisisita, n'kuika puleni pansi.

"Pitirizani, aphunzitsi."

"Mukundinyengerera."

"Mvulayi pano mwaithinitsa. Koma pitirizani."

Ndipo mdala ankakondwa ndi chidzudzulocho kuposa nyama.

Anadwala kanthawi kochepa chimanga chikuuma. Titaika maliro, anthu atabalalika, ndinapita kuchigafa. Mikangala ili mbee, poti azimayi anakolezera moto wa pamaliro ndi mapepala a ophunzira, osadziwa. Sutikesi anatenga ana awo a ku Lilongwe, ndipo akuti chaka chamawa m'chigafamo mulowa fodya wa mlamu wawo. Mphika wa inki wauma mpaka kung'aluka. Pansi pa benchi nkhuku yayamba kuikira, ndipo pomwe ankaponda mdala pali tizenje tiwiri tosalala, ta zidendene. Denga mbali ya kumadzulo layamba kulowa dzuwa.

Thabwa lili pabenchi pomwepo. Esinati anati aliyense asalisunthe, asalimalize, ngakhale iye mwini salikhudza. Phiri latha lonse. Mvula yatha, yothina pang'ono mbali imodzi. Njira ya kudimba ilipo, chulu chilipo. Pamwamba pa chulu anazunguliza ndi pensulo pomwe paime munthu, poti kamunthuko maso awo sankakaonanso ndipo ankati adzakagoba tsiku lomwe kudzawale bwino. Patsala kachigamba ka thabwa losakhudzidwa, kukula ngati chikhadabo, ndipo fumbi layamba kukhalapo.